Njinga ya pa Tsamba 79

Mutu 5

1. Ife timapinda

Aliyense ankamutcha Kafupa. Dzinali linachokera ku ntchito ya bambo ake. Iwo anali mmisiri wopinda ndi kumata mabuku pa fakitale yosindikiza, kuseri kwa siteshoni ya basi. Chida chawo chinali fupa losalala, lalitali ngati chikhatho, lotsindira pepala likapindidwa. Ali wamng'ono, mtsikanayu ankaliba fupalo n'kumagona nalo. Dzina linamukakamira ngati guluu.

Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sekondale anamaliza, anakhozanso bwino. Koleji anangoiona pa chithunzi. Chaka chathunthu anali pa benchi ya bambo ake, kupinda.

Ntchito yake inali yotere. Makina amalavula chipepala chachikulu ngati thebulo. Pa chipepalapo pamakhala masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, theka mbali iyi, theka kuseri. Sakhala mwa ndondomeko. Ena amakhala chadodolido. Loyamba limagundana ndi lomaliza. Ukapinda katatu, lililonse limagwera pamalo pake.

Anzake ankapinda maso ali pa wotchi. Kafupa ankapinda akuwerenga. Buku lililonse lotuluka pamenepo ankaliwerenga chotero: chadodolido, cham'mbali, mapeto asanafike pakati.

Lachiwiri limenelo sanavale epuloni. Anavala siketi yakuda ndi bulauzi yoyera. Kampani yotulutsa mabuku, imene inkabweretsa ntchito yambiri ku fakitaleyo, inkafuna wachinyamata woti aphunzire ukonzi wa mabuku. Mmodzi yekha. Kafupa analemba kalata, ndipo anamuitana ku intavyu ya teni koloko.

Anadzera ku benchi kukatsanzika. Bambo ake sanadzutse mutu. Ankamata misana ya buku latsopano la kampani yomweyo, nkhani ya telala wina wa m'tauni.

"Za njinga zija uzisiye pano," anatero.

"Ndani wanena kuti ndikazinena?"

"Ndinakubala ndine. Pakamwa pako palibe chitseko."

"Koma Bambo, munaona nokha. Pa tsamba 66 telala wagulitsa njinga yake kuti agule makina osokera. Pa tsamba 79 akuipalasa kupita kuchipatala. Masamba awiriwo agundana pa chipepala chimodzi, ngati akunyogodolana."

"Ndinaona. Khala pansi."

"Ndichedwa."

"Khala pansi, mwanawe."

Anakhala pa katoni. Bambo aja anapukuta zala pa epuloni.

"Zaka makumi atatu ndili muno. Chaka changa chachitatu ndinapeza mapu osindikizidwa mozondoka m'buku la sukulu. Ndinathamanga nawo kwa abwana, mtima uli m'mwamba. Ndimati andithokoza. Anaitanitsa a kukampani. Kunabwera bambo wina wa tayi, n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato. Anati, 'Ameneyu munamulemba kuti aziwerenga kapena kuti azimata?' Mapu anakonza. Ine anandichotsa pa makina odulira n'kundiika pa guluu. Ndi pano ndili mpaka lero. Ndiye tamvera. Anthu aja sadana ndi cholakwa. Amadana ndi amene wachiona, makamaka manja ake akamanunkha guluu. Ife timapinda, iwo amawerenga. Ukufuna kuwoloka? Woloka mwakachetechete. Ukakhala kale tsidya, ndiye uzinena za njinga. Ukafulumira, dziwa kuti walira mvula walira matope."

Kafupa anausa moyo. "Ndiye ndikanene chiyani?"

"Ukanene kuti uli bwino, iwonso ali bwino, ndi kunja kwacha bwino."

2. Manja pansi pa thebulo

Azakhali ake anamudikira pa kona, pafupi ndi sitolo ya mankhwala. Iwo ankakolopa ndi kupanga tiyi ku kampani yotulutsa mabuku ija. Anali atazemba mphindi khumi.

"Manja," anatero asanapereke n'komwe moni.

Kafupa anawatambasula. Anali ndi timabala ta mapepala, ngati wakandidwa ndi mwana wa mphaka. M'zikhadabo munali guluu wosachoka ndi sopo.

"Awa ukawaike pansi pa thebulo. Asakatuluke."

"Ndikalembe ndi chiyani, phazi?"

"Usandiyankhe. Imva."

Anamukokera pamthunzi.

"Zaka makumi awiri ndikulowa m'chipinda chija ndi thireyi. Wonyamula makapu saoneka, koma amamva. Ndaona ana akulowa ukonzi. Wina anali mwana wa adokotala a abwana. Wina, mayi ake ankaimba kwaya limodzi ndi akazi a abwana. Wina m'mutu munalibe kanthu, koma ankatchula mizinda yakunja ngati akutchula abale ake. Mwana wa wonyamula makatoni sindinamuonepo. Sanena kuti sitifuna osauka. Ayi, ndi anthu aulemu. Amangofunsa kuti kwanu kuli mashelefu angati. Amafunsa ngati ungagwire miyezi isanu ndi umodzi osalandira kanthu, poti ukuphunzira. Mafunso amenewo ndi sefa, mwananga. Ufa wa mmisiri sudutsa. Ndiye akakufunsa za bambo ako, ukanene kuti ali mu bizinesi ya mabuku. Si bodza. Ukakapeza mnyamata wa tayi yofiira, ameneyo ndi mwana wa mlongo wawo wa abwana. Khoswe wa pamkhate, saphedwa. Akaseka, nawe seka. Chomaliza: ine sundidziwa. Ndikalowa ndi tiyi, usandipatse moni."

"Azakhali, ndisakupatseni moni inuyo?"

"Ukandipatsa, ndikuthira tiyi pa siketi."

Anamukonza kolala n'kubwerera mothamanga, kudzera kanjira ka kuseri.

3. Khomo la galasi

Kafupa anali atafika pa nyumbayo kambirimbiri. Nthawi zonse ndi katoni pamutu, nthawi zonse khomo lakumbuyo. La kutsogolo linali la galasi. Pamwamba pake panali dzina la mwini kampani m'zilembo zagolide.

Mlonda anamuona akadali patali.

"Kafupa, katundu ndi kuseri. Waiwala?"

"Lero ndabwera ku intavyu, amalume."

"Ya chiyani? Wokolopa tili naye."

"Ya ukonzi."

Mlonda anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. Kenaka anatsegula buku lake, n'kuyendetsa chala pa mayina. Anayendetsanso kachiwiri.

"Ulipodi," anatero. Kuseka kunatha. Anatsegula chitseko pang'ono, ngati akuopa kuti wina amuona. "Pukuta nsapato. Kawiri."

M'chipinda chodikirira munali anthu awiri. Mtsikana wina anali ndi kompyuta pamiyendo, osayang'ana munthu. Mnyamata wa nsapato zoyera ankazunguza makiyi a galimoto pa chala.

"Unaphunzira kuti?" anafunsa wa nsapato zoyera.

"Sukulu ya boma, ya kuseri kwa msika."

"Oo. Kuli laibulale kumeneko?"

"Kuli kabati."

"Ine kuwerenga kumandigonetsa," anatero mnyamatayo akuyasamula. "Koma bambo akuti ndisamangokhala. Anaimbira abwana a pano. Akuti ndingobwera, ndi mwambo chabe."

Kafupa analuma mlomo. Anayang'ana fomu imene anamupatsa pakhomo. Funso lachitatu linati: kodi muli ndi kompyuta yanuyanu? Lachinayi: ndi zionetsero ziti za mabuku zimene munapitako? Lachisanu: tchulani anthu awiri odziwika pa ntchito ya mabuku amene angakuchitireni umboni.

Iye ankadziwa anthu khumi ndi awiri opanga mabuku ndi manja awo. Wodula, wosoka, womata, woyendetsa makina. Wodziwika panalibe. Mafunso atatuwo anawasiya opanda yankho.

Anzake aja analowa n'kutuluka. Wa nsapato zoyera anakhalamo nthawi yaitali, ndipo kuseka kunkamveka mpaka kunja.

4. Mphindi zisanu

Kuseri kwa thebulo kunali anthu atatu. Pakati panali abwana, mwini kampani, maso ali pa foni. Kumanja kwawo kunali mkonzi wamkulu, mayi wa imvi, magalasi akulendewera pa chingwe. Kumanzere, wa tayi yofiira.

Kafupa anapereka fomu. Anakhala pansi. Manja anawabisa.

"Mafunso ena simunayankhe," anatero wa tayi yofiira.

"Ndinalibe choyankha."

"Bambo anu amagwira ntchito yanji?"

Kafupa anakumbukira mawu a azakhali. "Ali mu bizinesi ya mabuku."

Abwana anadzutsa mutu koyamba. "Eti? Ndi ndani? Mwina timadziwana."

"Sindikhulupirira, bwana. Satulukatuluka."

Mayi wa imvi anakankhira buku patsogolo pake. Kafupa analizindikira lisanaime. Linali la telala.

"Ili silinatuluke," anatero mayiyo. "Kunjaku palibe waliwerenga. Lioneni mphindi zisanu, mutiuze maganizo anu."

Manja anatuluka okha. Munthu wina aliyense akanayamba ndi chikuto. Kafupa analitembenuza, n'kutsina msana ndi zala ziwiri kuti amve ngati guluu wagwira. Kenaka anayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa masamba, kuona ngati adulidwa molingana. Anachita zonsezo asanaganize. Mayi wa imvi anavala magalasi.

Chitseko chinatseguka. Azakhali analowa ndi thireyi, nkhope ili gwa ngati khoma.

"Ndinalikonza ndine," anatero wa tayi yofiira. "Miyezi isanu ndi itatu. Nenani momasuka."

"Chikuto n'chokongola," anatero Kafupa.

"Za chikuto atiuza kale anzanu awiri," anatero mayi wa imvi. "Za m'kati?"

Wa tayi yofiira anaseka. Maso ake anali pa timabala ta m'manja mwa Kafupa.

"Tisamuvutitse, mayi. Enafe tinakulira m'mabuku. Ena amawaonera pa windo la sitolo. Si mlandu."

Azakhali anamuyang'ana Kafupa ndi diso limodzi. Seka, linatero disolo.

Kafupa sanaseke. Anaika buku pa thebulo, manja onse awiri pamwamba pake.

"Ndinaliwerenga kale. Kawiri."

Abwana anaika foni pansi.

"Nkhani yake ndi yabwino," anapitiriza Kafupa. "Mutu wachitatu ndi wautali, mkazi wa telala amalira masamba anayi pa chinthu chimodzi. Koma vuto lalikulu ndi njinga. Tsegulani tsamba 66. Telala waigulitsa. Tsegulani 79. Akuipalasa."

Mayi wa imvi anatenga bukulo. Anatsegula. Anawerenga. Anatembenuza masamba n'kuwerenganso. M'chipindamo munkangomveka tiyi akulowa m'kapu.

"Mwina anagula ina," anatero wa tayi yofiira.

"Ndi ndalama ziti? Pa tsamba 72 alibe ngakhale ya basi. Ndipo ndi yomweyo, ya belu losweka."

"Tinaliwerenga anthu anayi," anatero mayi wa imvi, mawu ali pansi. "Inu munachiona bwanji?"

"Inu mumawerenga motsatana, mayi. Pofika pa 79 mwaiwala 66, chifukwa pakatipo mwana wa telala wadwala ndipo mtima uli pamenepo. Ine ndimawerenga lisanapindidwe."

Anatenga fomu yake ija pa thebulo. Anaipinda katatu, mofulumira, akutsindira ndi chikhadabo. Analemba manambala pa ngodya za timasamba, kuyambira 65 mpaka 80. Kenaka anaifunyulula. 66 ndi 79 anali phewa ndi phewa.

"Zikonzeka mosavuta," anapitiriza. "Telala abwereke njinga kwa amene anamugulitsa. Chiganizo chimodzi. Musindikizenso chipepala chimodzi chokhachi. Omatidwa kale ndi ochepa, ambiri akadali pa benchi."

"Benchi yake iti?" anafunsa abwana. "Buku langa losatuluka munaliona kuti?"

Apa ndi pamene panali mphambano. Kafupa anayang'ana manja ake. Anali kale poyera.

"Ku fakitale, bwana. Ndimapinda kumeneko. Msana wa buku limeneli anamata ndi bambo anga. Bizinesi yawo ya mabuku ndi imeneyo." Anatembenuka. "Mwadzuka bwanji, azakhali?"

Tiyi anatayikira m'sosala. Azakhali anayankha mano ali chilumire.

"Ndadzuka. Kaya iwe, mwana wosamva."

Khosi la wa tayi yofiira linali litatupa. Abwana anatenganso foni yawo.

"Zikomo. Tikuuzani."

5. Matope

Pobwerera sanakwere basi. Anayenda wapansi, akukankha timiyala. Atafika ku fakitale anapeza chinthu chachilendo: benchi zonse zili zii. Anthu anali chiimire, manja m'matumba a maepuloni.

"Aimba foni," anatero wodula mapepala. "Akuti buku la telala liime. Wina wapeza njinga."

Maso onse anali pa iye. Bambo ake okha ndi amene sanamuyang'ane. Ankatsuka burashi imene inali yoyera kale.

"Bambo."

"Vala epuloni. Siketiyo ida."

Masana azakhali anatulukira, akupuma mwawefuwefu.

"Malo apatsa wa nsapato zoyera," anatero. "Tiyi anali asanazizire n'komwe. Abwana akuti mwanayo ali ndi maonekedwe a kampani. Iwe akuti ndiwe wochenjera, koma sudziwa polankhulira. Ine andifunsa ngati ndili ndi abale ena obisika m'makabati." Anamuloza ndi chala. "Ndinati chiyani ine? Ndinati manja pansi pa thebulo. Mawu anga unawaika kuti?"

"Ndikanabisa manja, malowo akanandipatsa?"

Azakhali anatsitsa chala chija.

"Akanampatsabe yemwe uja," anatero Kafupa. "Ananena yekha kuti ndi mwambo chabe. Ndiye ndikanataya ziwiri, malo ndi bambo anga. Ndataya chimodzi."

Burashi inaima m'manja mwa bambo ake.

Ndi wodula mapepala amene anayamba kuona. Anatsokomola. Pa khomo lakumbuyo, pamene pamalowera makatoni, panaima mayi wa imvi. Anadumpha ndowa ya guluu mosamala, atakumbatira mtolo wa mapepala womangidwa ndi mphira. Azakhali anabwerera cham'mbuyo mpaka anagunda shelefu.

"Fungo ili ndinalisowa," anatero mayiyo. "Mayi anga ankasoka mabuku pa benchi ngati iyi. Kukampani palibe akudziwa. Ine manja ndinabisa, zaka makumi atatu." Anayang'ana Kafupa. "Malo apita. Ndinalimbana nawo, ndagonja. Sindikunamiza kuti abwerera."

"Ndamva kale, mayi."

"Koma ndili ndi buku ili. Likuyenera kubwera kuno Lolemba. Akonzi anga atatu aliwerenga, onse akuti lilibe banga. Ine sindikhulupirira buku lopanda banga. Uliwerenge. Ulembe chilichonse chimene waona, usaope. Ndi ntchito, si chithandizo, udzalandira monga amalandirira owerenga athu akunja. Ukachita bwino, ndidzakhala ndi choika pa thebulo la abwana malo ena akadzapezeka."

Kafupa anayang'ana bambo ake. Iwo anasuntha mulu wa zipepala pa benchi, n'kupukuta malowo ndi mkono wa malaya.

"Ndiwerenga," anatero Kafupa. "Koma pobweretsa ndidzalowera khomo la galasi."

"Mlonda ndimuuza."

"Mumuuzenso kuti nsapato ndidzapukuta kamodzi."

Mayi wa imvi anamwetulira pang'ono. Anaika mtolo pa benchi, n'kutuluka momwe analowera.

Anthu anayandikira. Kafupa anachotsa mphira. Tsamba loyamba linali ndi mutu wa buku, ndipo pansi pake dzina la wolemba. Analiwerenga kawiri. Linali dzina lomwe lija la zilembo zagolide, la pamwamba pa khomo la galasi.

"Buku la abwana eniake," ananong'ona azakhali. "N'chifukwa chake lilibe banga."

Bambo ake anasuzumira pa phewa lake. Anapukusa mutu nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa pensulo kuseri kwa khutu, n'kuiika pa tsambalo.

"Unalira mvula," anatero. "Matope ake ndi amenewo. Tsegula tsamba lachiwiri."